Poizoni wa pansi pa nyanja za kumpoto: mwini mlandu ndani, nanga nsomba tizidyabe?

Mayi wina amene amakhala kumpoto kwa dziko la Norway watilembera motere: "Ndimagwira ntchito pa fakitale yokonza nsomba. Mnzanga wa kuntchito anandionetsa nkhani yoti pansi pa nyanja imene nsomba zathu zimachokera pali sitima zankhondo za nyukiliya ndi migolo ya poizoni imene maboma anataya kalekale. Chimvereni zimenezi mtima wanga suli m'malo. Ana anga amadya nsomba pafupifupi tsiku lililonse chifukwa ndiye ndiwo imene timaipeza mosavuta. Kodi ndisiye kuwapatsa? Nanga boma limene linataya zinthuzi silingakakamizidwe kuti lizivuule? Alipo amene anamangidwapo?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo khazikani mtima pansi. Anawo musawamane nsomba. Nsomba za m'nyanja ya Barents, kumene mabwato ambiri a kwanuko amakapha, zimayezedwa pafupipafupi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi nkhani imene mnzanuyo wakuonetsani. Bungwe lofufuza za m'nyanja la Havforskningsinstituttet la ku Bergen, pamodzi ndi ofesi ya boma yoona za cheza choopsa yotchedwa DSA, amatenga nsomba, madzi ndi matope chaka ndi chaka n'kukaziyeza. Chimene amayang'ana kwambiri ndi caesium-137, chinthu chotulutsa cheza choopsa chochokera ku zanyukiliya, chifukwa iyeyu ndiye amalowa msanga mu mnofu wa nsomba. Muyezo wake ndi becquerel. Lamulo la Norway sililola kugulitsa chakudya wamba chimene chapitirira ma becquerel 600 pa kilogalamu, koma mu nsomba za cod za ku Barents amapezamo osakwana ndi becquerel imodzi yomwe. Thupi lanu, langa ndi la munthu wamkulu aliyense lili kale ndi ma becquerel pafupifupi 4,000 a potassium-40 wachilengedwe, amene timamudya tsiku ndi tsiku mu nthochi, mbatata ndi nyemba. Ndiye pa mbale ya ana anupo palibe chimene chiyenera kukusowetsani tulo.

Komabe mnzanuyo sananame. Zinthuzo zilikodi. Kuyambira cha mu 1959 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, boma la Soviet Union linkataya zinyalala za nyukiliya m'nyanja za Barents ndi Kara. Zamadzimadzi ankangozitsanulira m'nyanja sitima ikuyenda. Zolimba ankaziika m'mabokosi achitsulo, pafupifupi 17,000, ndipo ambiri anakawamiza kum'mawa kwa zilumba za Novaya Zemlya, m'malo amene nyanja inalowa kumtunda otchedwa Abrosimov, Tsivolka ndi Stepovogo. Anthu amene anagwira ntchitoyo anadzafotokoza kuti bokosi likakana kumira ankaliboola kuti madzi alowe. Kumeneko anatayakonso mariyakita 16, zija zimatulutsa mphamvu yoyendetsera sitima, ndipo 6 mwa iwo anawamiza ndodo za uranium zogwira kale ntchito zili momwemo. Ndodo zimenezi ndiye zoopsa kuposa zina zonse. Pakati pa mariyakita 16 aja pali a sitima yoswa madzi oundana ya Lenin, amene anawataya ku Tsivolka mu 1967, limodzi ndi gawo la ndodo zake zoonongeka.

Zonsezi zinkachitika boma likukana kwamtuwagalu. Mu 1989 linauza maiko anzake a m'pangano la London loletsa kutaya zinyalala zoopsa m'nyanja kuti silinatayepo, silikutaya, ndipo silikuganiza zotaya zinyalala za nyukiliya m'nyanja. Amene anaulula chinsinsi anali munthu wa m'kati momwemo, Andrei Zolotkov, injiniya wa ku Murmansk yemwe analinso phungu wa nyumba ya malamulo, mu 1991. Soviet Union itagwa, Pulezidenti Boris Yeltsin anasankha komiti yotsogoleredwa ndi katswiri wa zamoyo Alexei Yablokov, ndipo lipoti lake la mu 1993 linatchula malo, zaka ndi kuchuluka kwa zimene zinatayidwa. Pa zonse zimene boma la Russia lachitapo pa nkhaniyi, ine ndimaona kuti lipoti limeneli ndiye chinthu chamtengo wapatali, chifukwa popanda ilo ofufuza akanamangofunafuna mumdima m'nyanja yaikulu chonchija.

Sitima za Soviet Union zoyenda pansi pa madzi zimene anthu amazitchula kawirikawiri zilipo zitatu, ndipo nkhani zake n'zosiyana. Komsomolets inapsa n'kumira pa 7 April 1989 m'nyanja ya Norway, kum'mwera chakumadzulo kwa chilumba cha Bjørnøya, ndipo anthu 42 anafa. Ili pansi mamita pafupifupi 1,680, ndi riyakita yake komanso mabomba awiri a plutonium. Mu 2019 ofufuza a ku Norway anatsitsirako makina okhala ndi kamera n'kutunga madzi pakamwa pa paipi ina ya sitimayo. Anapeza caesium wochuluka mpaka maulendo 800,000 kuposa wa m'madzi wamba a m'nyanjayo. Nambala imeneyi ndi imene imazunguza anthu mutu pa intaneti, koma amene amaifalitsa satchula kuti mamita ochepa chabe pamwamba pa paipiyo caesium uja anali atasungunukiratu, komanso kuti pansi motero mulibe nsomba zambiri zimene anthu amapha. Yachiwiri ndi K-159, sitima yokalamba, yadzimbiri, imene inamira pa 30 August 2003 akuikoka kuchoka ku Gremikha kuti akaiphwasule. Anthu 9 mwa 10 amene anali m'katimo anafa. Iyoyo ili pansi mamita pafupifupi 240 kufupi ndi chilumba cha Kildin, pakhomo penipeni pa Murmansk, m'dera la usodzi, ndipo ili ndi makilogalamu pafupifupi 800 a ndodo za uranium. Yachitatu, K-27, sinamire mwangozi. Riyakita yake inachita ngozi mu 1968 n'kupha amalinyero 9, ndipo atasowa chochita nayo anatsanulira phula ndi mankhwala olimbitsa m'mariyakitamo n'kukaimiza dala ku Stepovogo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa malo akuya mamita 33 okha. Malangizo a nthawi imeneyo a IAEA, bungwe la maiko onse loona za nyukiliya, ankati ngakhale zinyalala zochepa mphamvu zizitayidwa pakuya mamita osachepera 4,000.

Mwina mukudabwa kuti nanga nsomba zikhala bwanji zabwino zinthu zili chonchi. Zifukwa zake n'zakuti zitsulo za mariyakita n'zochindikala ndipo zambiri zikugwirabe, zimene zimadontha zambiri zimakakamira m'matope a pafupi pomwepo, ndipo nyanjayo ndi yaikulu zedi. Caesium-137 amachepanso mphamvu ndi theka pa zaka 30 zilizonse, choncho wa m'ma 1960 watsala pang'ono kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Plutonium-239 ndiye satero, amafuna zaka 24,000. Kafukufuku amene IAEA inachita kuyambira 1993 mpaka 1996 anapeza kuti chiopsezo kwa anthu odya nsomba n'chochepa kwambiri. Chimene chinadabwitsa ambiri n'chakuti cheza chochepa chimene chinkapezeka m'madzi a Barents sichinkachokera kwenikweni ku zotayidwa za Russia. Chambiri chinachokera ku mabomba amene ankayesedwa mumlengalenga m'ma 1950 ndi 1960, ku ngozi ya pa fakitale ya magetsi a nyukiliya ya Chernobyl kudzera m'nyanja ya Baltic, komanso ku fakitale ya nyukiliya ya Sellafield ku England, imene inkatulutsa madzi oipa kudzera m'mapaipi, mafunde n'kumawatenga mpaka kugombe la Norway.

Ndatchula Sellafield dala, chifukwa nkhaniyi ikamakambidwa ku Ulaya imamveka ngati ya dziko limodzi. Malinga ndi IAEA, maiko 13 anatayapo zinyalala za nyukiliya m'nyanja pakati pa 1946 ndi 1993. America inayamba mu 1946 kufupi ndi California. Britain, Belgium, Netherlands, France ndi ena anamiza migolo yoposa 200,000 kumpoto chakum'mawa kwa nyanja ya Atlantic, ndipo gawo lalikulu la poizoniyo linali la Britain. Ngakhale Switzerland, dziko lopanda nyanja yamchere ngati Malawi, linkatumiza migolo yake kuti ikamizidwe kumeneko mpaka 1982. Kusiyana kwake n'kwakuti awa ankataya poyera, atalemba m'mabuku, pamalo akuya mamita oposa 4,000 m'zaka zomalizira, ndipo zambiri zinali zochepa mphamvu. Koma migoloyo inapangidwa kuti ifike pansi, osati kuti ikhale mpaka kalekale. Mu 2025 ofufuza a ku France anapita kukaiona ndipo pa ulendo umodzi anapeza yoposa 3,000, ina itadyeka ndi dzimbiri.

Tsopano tifike pa funso lanu lalikulu, loti boma lingakakamizidwe kapena ayi. Kumudzi mbuzi ikadya chimanga m'munda wa mnzako, nkhani sivuta: mwini mbuzi amadziwika, munda woonongeka aliyense amauona, ndipo amfumu akagamula amalipa. Pa nyanja mwini mbuzi timamudziwa ndithu, pakuti Russia inavomereza yokha kuti ndiyo inalowa m'malo mwa Soviet Union pa mapangano ndi ngongole zomwe. Chimene chikusowa ndi amfumu, ndiponso munda woonongeka woti uloze. Dziko silingakokeredwe ku khoti la maiko onse ku The Hague ngati ilo silinavomereze mphamvu ya khotilo. Ndipo wodandaula amayenera kuonetsa chimene chaonongeka. Uthenga wabwino umene ndakupatsani, woti nsomba zili bwino, ndi womwewonso umene umafooketsa mlandu. Loya wa boma lililonse angangofunsa kuti: wavulala ndani?

Mapangano alipo, koma analembedwa ndi maboma omwewo amene ankataya, ndipo anadzisiyira makomo otulukira. Pangano la London la mu 1972 linayamba kugwira ntchito mu 1975, ndipo linaletseratu kutaya zinyalala za nyukiliya zamphamvu kwambiri. Soviet Union inalowamo mu 1976. Ndiye zimene zinatayidwa m'ma 1960, monga za sitima ya Lenin, pangano silizikhudza chifukwa silibwerera m'mbuyo. K-27 inamizidwa pangano lilipo kale, ndipo kwa ine uku kunali kuliphwanya koonekeratu. Koma pangano lomwelo limati silikhudza sitima zankhondo, limangopempha eni ake kuti azichita zogwirizana ndi cholinga chake, ndiponso silikhudza madzi a m'kati mwa dziko, moti maloya angathe kukangana zaka zambiri ngati Stepovogo ndi nyanja kapena ndi madzi a m'kati mwa Russia. Gawo 10 la panganoli linalonjeza kuti maiko adzakonza njira yoweruzira wolakwa ndi chipukuta misozi. Atalembanso panganolo mu 1996 anabwereza lonjezo lomwelo mu gawo 15, ndipo mpaka pano palibe ndondomeko yomanga dziko kuti lilipire. Russia ndi America sanalowe n'komwe m'pangano latsopanolo. Pangano lalikulu la malamulo a panyanja la mu 1982 limanena mu gawo 235 kuti maiko ali ndi udindo woteteza nyanja ndipo adzayankha akalephera, koma gawo lotsatira, 236, limachotsamo sitima zankhondo.

Pa zida za mankhwala oopsa khomo lake ndiye lalikulu kwambiri. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, maiko opambana anapeza mulu wa mabomba a poizoni a Germany, ndipo njira yachangu inali kuwamiza. Soviet Union inamiza matani pafupifupi 32,000 kum'mawa kwa chilumba cha Bornholm m'nyanja ya Baltic, ndipo Britain ndi America anadzaza sitima zakale n'kuzimiza mu Skagerrak, zina kufupi ndi Arendal kum'mwera kwa Norway. Pangano loletsa zida za mankhwala limene linayamba kugwira ntchito mu 1997 limakakamiza dziko lililonse kuononga zida zake, koma limati zimene zinamizidwa m'nyanja 1 January 1985 isanafike sizikuwerengedwa. Wopanga bombalo anali Germany, womiza anali wina, ndipo amene limamukodwera mu ukonde ndi msodzi wa ku Denmark. Atatuwa akhoza kulozana zala mpaka kalekale.

Pali nkhani imodzi ya kumpoto komweko imene ndimakonda kuitchula pophunzitsa, chifukwa imaonetsa kuti vuto si loti maboma salipira mwachibadwa. Mu January 1978 setilaiti ya Soviet Union yotchedwa Kosmos 954, imene inali ndi riyakita, inagwa n'kumwaza zidutswa kumpoto kwa Canada. Canada inatola zidutswazo, inalemba ndalama zimene inaononga, n'kupempha madola a ku Canada pafupifupi 6 miliyoni. Mu 1981 Soviet Union inalipira 3 miliyoni. Zinatheka chifukwa panali pangano la mu 1972 lonena mosapita m'mbali kuti mwini chinthu chogwa kuchokera mumlengalenga alipire. La panyanja lotero palibe. Yerekezani ndi Chernobyl mu 1986: abusa a mphalapala a mtundu wa Sami ku Norway ndi Sweden anataya nyama yambiri, koma palibe dziko limene linasumira Soviet Union, ndipo alimiwo anapepesedwa ndi maboma awo omwe. Ireland itayesa kusumira Britain mu 2001 pa nkhani ya Sellafield, mlandu unathera pa kukangana za khoti loyenera, ndipo mu 2006 khoti la European Union linagamula kuti Ireland ndiyo inalakwa popita nawo kwina.

Ndiye kunena zoona, pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ya malamulo a zachilengedwe, chimene ndaona n'chakuti amene amalipira ndi amene ali ndi mantha, osati amene anataya. Dziko lanu la Norway ndi chitsanzo chabwino. Kufupi ndi chilumba cha Fedje, kumpoto kwa Bergen, kuli sitima ya Germany ya U-864 imene sitima ya Britain inaiphulitsa pa 9 February 1945. Inkapita ku Japan itanyamula matani oposa 60 a mercury m'mabotolo achitsulo. Inapezeka mu 2003 pakuya mamita 150, matope ozungulira ataipa kale, ndipo usodzi pamalopo unaletsedwa. Kwa zaka zambiri anthu a ku Fedje analimbana ndi boma lawo, iwo akufuna mercury avuulidwe, boma likumati kukwirira ndi mchenga n'kotetezeka. Ndalama zofufuzira ndi zotchinjirizira zachokera m'thumba la okhoma msonkho a ku Norway, kuphatikizapo inuyo. Ku Andreeva, makilomita osakwana 60 kuchokera kumalire a Norway, asilikali apamadzi a Soviet anasiya mitolo pafupifupi 22,000 ya ndodo za uranium m'matanki ong'aluka m'mbali mwa nyanja. Ntchito yoichotsa inayamba mu June 2017, ndipo misewu, nyumba, makina onyamulira ndi sitima yake zinamangidwa ndi ndalama za Norway, Britain, Sweden, Italy ndi European Union. Norway yokha yaononga pafupifupi 2 biliyoni kroner pa ntchito zotere ku Russia kuyambira 1995. Japan nayo, itaona sitima ya Russia ikutsanulira matani 900 a madzi oipa m'nyanja ya Japan mu October 1993, inalipira fakitale yoyandama yoyeretsera madziwo kufupi ndi Vladivostok. Chaka chomwecho maiko analetseratu kutaya zinyalala zilizonse za nyukiliya m'nyanja, ndipo Russia inadzavomereza chiletsocho mu 2005, fakitale ija itayamba kale ntchito.

Anthu ena amakwiya akamva zimenezi, amati n'kulipira wolakwa. Ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo kwathunthu. Ndalama zimenezo zinachotsa ndodo zenizeni pamalo oopsa, pamene milandu ya kukhoti sinachotsepo ngakhale imodzi. Chimene ndimadana nacho n'choti thandizo lotere lizichititsa anthu kuiwala mwini udindo. Pajatu akuluakulu anati mlandu suola. Boma limene linamiza chinthu likhalabe ndi ngongole yonena pamene chili, yolola anthu odziimira paokha kukachiyeza, ndiponso yotulutsa ndalama zake osangodikira za anansi. Ngongole imeneyi ilipo kaya khoti lilipo kapena palibe, ndipo ikugwera London ndi Brussels monga momwe ikugwerera Moscow.

Mwafunsa ngati alipo anamangidwapo. Pa kutaya kwenikweniko, kumene kunali lamulo la boma, akuluakulu amene analamula sanaimepo pa khoti. K-159 itamira, mkulu wa asilikali apamadzi a kumpoto, Admiral Gennady Suchkov, anachotsedwa pa udindo ndipo mu 2004 anapatsidwa chilango cha zaka zinayi koma osakalowa m'ndende. Umenewo unali mlandu wa imfa za amalinyero, ndipo sitimayo ili pomwepo mpaka lero. Amene anagonadi m'chitokosi ndi Alexander Nikitin, yemwe kale anali injiniya wamkulu pa sitima zoterezi. Anathandiza bungwe loteteza chilengedwe la Bellona la ku Norway kulemba lipoti la zinyalala za asilikali apamadzi, ndipo mu February 1996 anamangidwa pa mlandu woukira dziko. Anakhala m'ndende miyezi 10, ndipo khoti linadzamupeza wosalakwa mu December 1999. Mu 2023 boma la Russia linalengeza kuti Bellona ndi bungwe losafunika m'dzikomo.

Tisathamangirenso kuganiza kuti kuvuula ndiye yankho pa chilichonse. Mgolo umene wakhala zaka 60 m'madzi amchere ukhoza kuphwasuka ukangokhudzidwa, poizoni amene anali chete m'matope n'kumwazika m'madzi a pamwamba kumene kuli nsomba, ndipo anthu ogwira ntchitoyo ndiwo amayamba kuvulala. Migolo ya mu Atlantic ndi Komsomolets, ine ndingati zisiyidwe koma ziziyezedwa mosadumphitsa. K-159 ndi K-27 ndi nkhani ina. Zili pamalo osaya, luso lozivuulira lilipo, pakuti sitima ina ya Russia yomira yotchedwa Kursk, imene inali yaikulu kuposa izi, inavuulidwa mu 2001, ndipo chaka chilichonse chimene chikudutsa zitsulo zake zikufooka. Pa K-27 akatswiri amaopa kuti madzi akadzalowa m'riyakita, uranium wake wamphamvu akhoza kuyambanso kutentha yekha. Kafukufuku wolipiridwa ndi European Union anawerengera kuti kuvuula zinthu 6 zoopsa kwambiri kungadye mayuro 278 miliyoni, ndalama yochepa kwa maiko amenewa. Russia italandira utsogoleri wa Arctic Council, bungwe la maiko a kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, mu 2021 inalankhula zoti ivuula sitima ziwirizi. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu February 2022, mgwirizano unaima, ndalama za maiko a kumadzulo zinatsekedwa, ndipo maulendo amene ofufuza a Norway ndi Russia ankapitira limodzi, monga wa ku K-27 mu 2012 ndi wa ku K-159 mu 2014, anatha. Ichi ndiye chimandidetsa nkhawa kuposa dzimbiri: maso odziimira paokha sakufikanso kumeneko.

Ofufuza a ku Bergen anawerengerapo zimene zingachitike caesium yense wa mu K-159 atatuluka nthawi imodzi. Anapeza kuti mu nsomba za cod akhoza kukwera kwambiri kwa zaka zingapo, komabe osafika pa malire a 600 aja. Kwa inu, Mayi, ngozi yoyamba ingakhale ya ntchito osati ya m'mimba. Ogula a ku Ulaya ndi Asia akangomva mphekesera yoti nsomba za ku Barents zaipa, maoda amaima tsiku lomwelo, kaya muyezo ukunena zotani. N'chifukwa chake eni mabwato ndi mabungwe a ogwira ntchito zansomba ali ndi chifukwa chomveka chokankhira boma pa nkhaniyi. Mphamvu imeneyi si yongoganizira. Kutaya kwa Britain mu Atlantic kunatha mu 1983 pamene bungwe la amalinyero a m'dzikomo linakana kunyamula migoloyo, boma likufunabe kupitiriza. Germany nayo, imene m'madzi ake muli matani pafupifupi 1.6 miliyoni a zipolopolo ndi mabomba akale, inaika mayuro 100 miliyoni n'kuyamba kuyesa kuvuula kufupi ndi Lübeck mu 2024, pamene asodzi, ochita zokopa alendo ndi omanga makina amagetsi a mphepo panyanja onse anayamba kudandaula.

Pa za pakhomo panu, chimene muyenera kusamala nacho si cheza ayi, koma poizoni wamba wa m'mafakitale ndi m'madoko, monga mercury, dioxin ndi PCB. Ameneyu amaunjikana m'chiwindi cha nsomba ndi m'nsomba zikuluzikulu zokalamba. Ofesi yoona za chakudya ya Mattilsynet imalangiza kuti ana ndi amayi oyembekezera kapena oyamwitsa asadye chiwindi cha nsomba ndi mazira a mbalame za kunyanja, ndipo imatulutsa machenjezo a madoko ndi ma fjord (malo amene nyanja inalowa kumtunda) amene nsomba zake si zoyenera kudya. Ngati bambo a kunyumba amakawedza okha Loweruka, ayambe aona ngati malowo ali pa mndandandawo. Nsomba za m'sitolo ndi za pa fakitale panu zimachokera m'madzi amene amayezedwa kale. Mukakhala ndi pakati, kapena mwana akakhala ndi matenda ena, kambiranani ndi dokotala wanu kapena anamwino a ku helsestasjon (sikelo ya ana ndi amayi) za mitundu ya nsomba yoyenera.

Anthu amene amavulaladi ndi zotayidwa m'nyanja ndi amene amazigwira ndi manja. Asodzi a ku Bornholm akhala akukoka zibuma za poizoni wa mustard zooneka ngati dongo kapena phula lachikasu. Sizipweteka nthawi yomweyo, matuza ndi kuwawa kwa maso zimabwera patapita maola. Pa magombe a Germany, makamaka ku Usedom, anthu amatola phosphorous woyera poganiza kuti ndi mwala wokongola wa amber, ndipo akauma m'thumba amayaka moto wovuta kuzimitsa. Abale athu okhala ku Scotland ndi Northern Ireland adziwenso kuti pakati pa maiko awiriwa pali dzenje la Beaufort's Dyke, m'mene Britain inamiza zida zoposa matani 1 miliyoni, ndipo mu 1995 zida zoyaka masauzande zinakokolokera kugombe paipi ya gasi itayalidwa chapafupi. Kumpoto kwa Norway nako zotsalira za nkhondo zimapezekabe. Muwaphunzitse ana kuti chitsulo chachilendo, chibuma chonunkha kapena mwala wofuka utsi pagombe sagwira ndipo saika m'thumba. Mutalikire, muimbire apolisi pa 112. Wina akachikhudza, avule zovala zokhudzidwazo, atsuke ndi madzi ambiri, ndipo muimbe 113 osadikira kuti matuza aoneke. Ngati chayaka pakhungu, malowo akhale onyowa mpaka afike kuchipatala.

Kuntchito, ngati nkhawa ikupitirira kapena anzanu ayamba kuopsezana, pitani kwa verneombud (woona za chitetezo cha ogwira ntchito) kapena tillitsvalgt (woimira bungwe la ogwira ntchito) wanu mupemphe kuti abwana aonetse zotsatira za kuyeza kwa nsomba zimene mumakonza. Lamulo la Norway la mu 2003 lotchedwa miljøinformasjonsloven limapatsa munthu aliyense, nzika kapena mlendo, ufulu wofunsa maofesi a boma ngakhalenso makampani za zinthu zokhudza chilengedwe, ndipo amayenera kuyankha. Za cheza mulembere ku DSA, za U-864 ndi sitima zina zomira mulembere ku Kystverket, ofesi ya boma yoona za magombe, ndipo m'kalatamo mutchule malo amene nsombazo zimaphedwa ndi chaka chimene mukufuna zotsatira zake.